Kodi akuluakulu ndiwo anatiwonongera dziko?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kufupi ndi Tsangano ku Ntcheu. Akuti agogo ake anabereka ana khumi, munda womwe unkadyetsa banja limodzi lero akuugawana adzukulu ambirimbiri, phiri la kwawo latsala miyala yokhayokha, ndipo mtsinje ukumaphwa Okutobala asanafike. Wamvanso kuti padziko lonse anthu tapitirira 8 biliyoni. Funso lake ndi lakuti: kodi akulakwa akamawauza amalume ake kuti m'badwo wawo ndi umene unawononga zonse?

Achemwali, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, ndipo manambala ali mbali yanu. Kalembera wa 1966 anapeza Amalawi pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, pamene nthaka sinawonjezekepo ngakhale mzere umodzi. Dziko lonse linali ndi anthu 2.5 biliyoni mu 1950, ndipo linakwana 8 biliyoni mu Novembala 2022. Koma musanawaweruze agogo, tayambani mwaganizira dziko limene iwo ankaberekeramo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Afunseni agogowo kuti anaika ana angati. Mayi amene waika ana awiri chifukwa cha chikuku kapena malungo saganiza za kuchuluka kwa anthu padziko. Amaganiza za amene adzamutungire madzi akadzakalamba. Komanso njira zamakono zolera kunalibe. Boma la Kamuzu Banda linaletsa kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo linadzalola mu 1982, pamenepo n'kuti likungovomereza zotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Ndondomeko ya dziko yokhudza chiwerengero cha anthu inabwera mu 1994. Agogo anu anakwatiwa ali kamtsikana, mwina sanapondeko m'kalasi, chipatala chili kutali, ndiye tiwaimbe mlandu wosasankha chinthu chimene sanapatsidwe n'komwe? Ine ayi. Taonani zimene zinachitika njira zitapezeka ndiponso ana atayamba kupulumuka: mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pofika 2016 anali pakati pa 4 ndi 5.

Nkhani ya mitengo nayo ili ndi mbiri yake kuno kwathu. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi inalandira othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu, pokhala kuti malire ali pamsewu penipeni wa M1, analandira khamu lalikulu. Anthu onsewo ankafuna nkhuni ndi milimo. Makolo athu anawapatsa malo, ndipo mapiri analipira. Kumeneko sikunali kusasamala, kunali kulandira abale pamavuto. Ngakhale kudana ndi malangizo osamala nthaka kuli ndi gwero lake. Atsamunda ankakakamiza malimidwe ndi chindapusa komanso ndende, mpaka Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulowo pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, ndipo anaichotsa paufumu. Kwa m'badwo umenewo, mlangizi wa zaulimi ankabwera ngati wapolisi.

Pa za kusintha kwa nyengo, musalole munthu akunamizeni kuti vuto ndi ana a mayi wa ku Bembeke. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochepa kwambiri, moti munthu wa ku America amamuposa maulendo opitirira 100. Afirika yense safika ngakhale magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wochokera ku mafuta ndi malasha. Komabe namondwe Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu mazanamazana ku chigawo cha kummwera kwathu kuno. Ngati pali ngongole pankhani imeneyi, ili kwa mayiko olemera amene akhala akutentha malasha kwa zaka zoposa 200, osati kwa amalume anu.

Tsono pali mbali imene mwina simuikonda. Matumba a makala amene andanda m'mbali mwa msewu kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Lilongwe akuwotchedwa ndi anyamata a msinkhu wanu, ndipo ogula ake ndife a m'tauni, ophunzira, amene timadziwa bwino zimene zikuchitikira Dzalanyama, Chongoni ndi Mvai. Ku Mvai n'kumene kuli damu la Mpira lomwe limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka. Mnyamata wowotcha makala sindimunyoza, ndi njala imamutuma, ndipo magetsi ochepa amene tili nawo amangozimazima. Koma agogo akhoza kunena moona kuti sankadziwa. Ife mawu amenewo tilibe. Lamulo loti mtsikana asakwatiwe asanakwane zaka 18 lilipo kuyambira 2015, ndipo Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ochuluka n'kuwabweza kusukulu. Mtsikana akakhalitsa pasukulu amachedwa kuyamba kubereka ndipo amabereka ana amene angathe kuwasamala. Zimenezi zili m'manja mwathu.

Choncho kwa amalume musapite ndi chala choloza. Kwathu kuno mawu a malume ndi olemera pankhani ya munda wa mbumba, ndipo mudzawafuna. Afunseni mitengo imene inali m'phirimo ndi pamene panali akasupe, chifukwa iwo akudziwa pamene panali masuku, mbawa ndi katope. Zitsa zambiri za tsamba ndi mombo zikadali zamoyo pansi. Zikatetezedwa ku moto ndi mbuzi, n'kumapatulira mphukira, zimakula msanga kuposa mbande zogula. Apempheni akakambe ndi amfumu kuti mbali imodzi ya phirilo aitseke, ndipo inu ndi anzanu mukalambule njira zotchinga moto mwezi wa Juni usanathe.