Kwa achimwene amene afunsa zokhala m'bwato ku Grenada nthawi ya anamondwe

Achimwene, mwati bwana wanu akubwerera kwawo ku Ulaya mu June ndipo akufuna inu muzigona m'bwato lake la matanga, la mamita 14, n'kumalisamalira mpaka November. Mwatinso akadzabwera kwa milungu ingapo pakatipo, mudzayenda naye kuchoka ku Grenada kudutsa Carriacou, Union Island ndi Bequia, mwina mpaka Martinique. Funso lanu n'lakuti kodi munthu angachite zimenezi osaika moyo wake pachiswe. Ntchito ya m'maboti ndaigwira kwa zaka ndithu m'zilumba zomwezo za ku Caribbean, ndiye ndiyankha motalika.

N'zotheka, ndipo anthu ambiri amakhala choncho chaka ndi chaka. Koma musavomere ntchitoyo musanamvane ndi bwanayo, mochita kulemba, kuti namondwe akamabwera inu mudzamangirira bwato n'kukagona kumtunda, m'nyumba ya simenti. Akakana mfundo imeneyi, ntchitoyo isiyeni.

Nyengo ya anamondwe pa nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 June n'kutha pa 30 November. Imafika pachimake kuyambira pakati pa August mpaka pakati pa October, makamaka cha pa 10 September, pamene madzi a m'nyanja atenthetsa. Namondwe amafuna madzi ofunda madigiri 26 kapena 27 kupita m'mwamba. Ambiri amene amavutitsa zilumba za kummawa kwa Caribbean amayamba ngati chimtambo cha mvula chochoka ku gombe la West Africa, cha ku Cape Verde, n'kumakula pamene chikuoloka nyanja. Mphepo yake ikafika makilomita 119 pa ola ndiye amamutcha hurricane. Pali magawo asanu, ndipo lachisanu limayambira pa makilomita 252 pa ola.

Bwana wanu adzakuuzani kuti Grenada ili kummwera kwambiri, anamondwe amadutsa kumpoto. Sakunama kwenikweni, n'chifukwa chake makampani ambiri a inshulansi amajambula mzere cha pa madigiri 12 ndi pang'ono, n'kunena kuti bwato likhale kummwera kwa mzerewo nyengo yonse. Kuchokera pa namondwe Janet wa 1955, chilumbacho chinakhala zaka pafupifupi 50 chisanamenyedwe mwamphamvu, mpaka anthu anayamba kudalira. Kenako pa 7 September 2004 Ivan anafika, anaononga nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, ndipo maboti amene anali atatulutsidwa m'madzi anagwerana m'mayadi. Chaka chotsatira, mu July, kunabweranso Emily. Ndiye pa 1 July 2024 Beryl anagwera pa Carriacou penipeni ndi mphepo yoposa makilomita 200 pa ola, n'kusesa Petite Martinique, Union Island, Mayreau ndi Canouan. Taonani tsikulo: 1 July, nyengo itangoyamba kumene, pamene ambiri amati kukadali nthawi. Zilumba zimenezi ndi zomwezo zimene bwana wanu akufuna muzikayendako.

Chimene chimapulumutsa munthu wokhala m'bwato ndi kudziwiratu. Tsamba la National Hurricane Center ya ku Miami muzilitsegula m'mawa ndi madzulo alionse, ngakhale kunja kuli ngwee. Amaonetsa mapu a masiku 7 akubwera, pomwe pali chizindikiro chachikasu, cha olenji kapena chofiira malingana ndi mwayi woti chimtambocho chisanduke namondwe. Namondwe akapatsidwa nambala kapena dzina, amatulutsa uthenga maola 6 alionse, 5 koloko ndi 11 koloko, usana ndi usiku, pa nthawi ya ku Grenada. Koma chithunzi chija chooneka ngati nyanga, chosonyeza komwe akulowera, anthu amachimva molakwa. Chimasonyeza pomwe pakati pa namondwe pangadutse, ndipo pakatipo pamakhala m'kati mwa chithunzicho kawiri pa katatu kokha. Mphepo ndi mafunde zimafika kutali kunja kwake. Mukamva kuti alengeza hurricane watch ndiye kuti kwatsala maola 48 kuti mphepo yamphamvu iyambe, warning ndi maola 36. Kwa munthu wa m'nyumba nthawi imeneyo ndi yokwanira kukhoma mawindo. Kwa inu wa m'bwato, mukadikira zimenezo mwachedwa kale.

Chifukwa chake ndi liwiro. Bwato ngati lanulo limayenda makilomita 10 kapena 11 pa ola zinthu zikakhala bwino. Beryl ankathamanga kuposa makilomita 30 pa ola, ndipo kuchokera pomwe anangoyamba kutchulidwa pa 28 June mpaka kugwera pa Carriacou panadutsa masiku atatu okha. Kuchoka kummwera kwa Grenada kupita ku Chaguaramas ku Trinidad ndi makilomita pafupifupi 150, ulendo wa usiku umodzi wathunthu, ndipo ambiri amene anathawira kumeneko Beryl asanafike anapulumutsa maboti awo. Koma mukakhala ku Le Marin ku Martinique, kungofika ku Grenada ndi makilomita pafupifupi 300, ndiye muonjezere 150 aja. Apa ndi pomwe ndikuti za Martinique mu August ndi September muiwale. Yendani pafupi, pomwe mungabwerere tsiku limodzi, matanki a dizilo ndi madzi ali odzaza nthawi zonse. Ndipo musadzayese kuthawa ndi bwato muli nokha bwana ali ku Ulaya. Munthu mmodzi sangayendetse usiku wonse, kuyang'anira zombo za mafuta za ku Trinidad, n'kumasamalanso matanga. Pezeranitu mnzanu woti mudzapite naye, ndipo bwana avomereze kuti adzamulipira.

Pali nkhani ina imene azungu eni maboti saiganizira chifukwa mapasipoti awo amalowa paliponse. Inu muli ndi pasipoti ya Malawi. Martinique ndi dziko la France ndipo pamafunika visa. Za Trinidad, St Vincent ndi kwina kulikonse komwe mungathawireko, funsani ku ofesi ya Immigration mwezi uno, mudziwe chomwe akufuna, ndipo dzina lanu likhale pa mndandanda wa ogwira ntchito m'bwatomo. Mukhalenso ndi kalata ya mwini wake yokulolani kuliyendetsa iye kulibe. Sitampu yanu ya ku Grenada isathe masiku muli chigonere.

Kupatula kuthawa, njira ina ndi kutulutsa bwato m'madzi. Mayadi a ku Grenada anaphunzira pa Ivan, tsopano amamanga maboti ndi malamba kuzikhomo zokwiriridwa pansi, ena amawaika m'zitsulo zowotcherera, ndipo ena amachotsa mlongoti. Kwa bwato, imeneyi ndi njira yabwino koposa. Vuto ndi lakuti malo amatha anthu atasungitsa kale miyezi yambiri m'mbuyo, ndipo namondwe akangotchulidwa, makina onyamulira maboti amakhala ndi mzere woti simungaufike. Ngati bwana wanu angadze milungu itatu yokha pa miyezi isanu, ine ndikadamuuza kuti alitulutse August mpaka October, inu muzigwira ntchito ya penti ndi zokonza pansi pa bwato, n'kumagona m'kachipinda ka lendi.

Njira yachitatu ndi yobisa bwato m'mitengo ya mangrove, ija imamera m'madzi amchere. Mumalowetsa mutu wa bwato m'mitengomo, n'kumanga zingwe zambiri kumizu yokhuthala mbali zonse ngati ukonde wa kangaude, anangula awiri kapena atatu ataponyedwa kumbuyo. Mitengoyo imapindika koma siizuka msanga, ndipo pansi pake ndi matope, choncho bwato likakankhidwa limatsamira pofewa. Kwa namondwe wa gawo loyamba kapena lachiwiri imathandiza kwambiri. Koma ku Tyrell Bay ku Carriacou, malo amene aliyense ankawadalira, Beryl anaunjika maboti pamwamba pa anzake. Zinachitikanso ku Paraquita Bay ku Tortola pa 6 September 2017, Irma atadutsa. Chimene chimaononga m'malo oterewa nthawi zambiri ndi bwato la mnzanu lomangidwa mwaulesi. Likaduka limodzi, limakokera onse.

Kulikonse komwe mungalisiye, ntchito yokonzekera ndi imodzi, ndipo imadya tsiku lathunthu kapena awiri. Mphamvu ya mphepo simakula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 240 pa ola imakankha ka 16 kuposa ya 60. Ndiye chilichonse chogwira mphepo chichoke. Thanga lakutsogolo lija lokulungidwa litsitseni ndithu, musangolimanga, chifukwa likafunyululuka pang'ono limatha kugwetsa mlongoti. Thanga lalikulu, matenti a mthunzi, masola, zigubu, zonse zilowe m'kati. Kabwato kakang'ono kaphwetseni kapena mupite nako kumtunda.

Zingwe siziduka chifukwa chochepa mphamvu ayi, zimaperepeseka pomwe zikukhuza chitsulo kapena m'mphepete mwa bwato, ndipo za nayiloni zimatentha m'kati zikamakokedwa n'kubwerera usiku wonse. Paliponse pomwe chingwe chikukhudza chinthu, chivekeni paipi yakale ya ozimitsa moto kapena nsalu yokhuthala. Wirikizani chingwe chilichonse, ndipo musamange zonse pa chitsulo chimodzi. Ngati mwaponya nangula, tcheni chikhale chotalika kakhumi kuposa kuya kwa madzi, muwerengerenso kuti nyanja idzakwera. Pa marina, doko lomangirapo maboti, zingwe zikhale zazitali pa chifukwa chomwecho. Tsekani mipopi yonse ya pansi pa bwato kupatula yotulutsa madzi a mvula, mabatire akhale odzaza kuti pampu izigwira yokha, matani tepi m'ziboo zonse, kenako jambulani zithunzi za mmene mwamangira n'kutumizira bwana. Zithunzizo ndi umboni wanu kwa iye ndi kwa a inshulansi.

Mukatha zimenezo tengani pasipoti, mapepala a bwato, foni, wailesi ya m'manja ya VHF, mankhwala ndi ndalama zogwirika, chifukwa magetsi akazima makadi sagwira ntchito, n'kutsika kukadali kowala.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndikudziwa mmene ife timachitira ndi mabwana. Timafuna tioneke okhulupirika, timaopa kuti akationa tikuthawa adzati sitisamala. Pa 25 October 2023 namondwe Otis anagwera mzinda wa Acapulco ku Mexico. Dzulo lake anali mkuntho wamba, ndipo pasanathe tsiku anafika gawo lachisanu. Ambiri mwa amene anafa kapena kusowa anali ogwira ntchito m'maboti, amene anatsala m'katimo usiku umenewo kuti ayang'anire katundu wa eni ake. Palibe chimene akanachita. Mphepo ikadutsa makilomita 150 pa ola simungaime pamwamba pa bwato, madzi ouluka amabaya m'maso ngati mchenga, kupuma kumavuta, ndipo chingwe chokokedwa chotero dzanja la munthu silingachisunthe. Ngakhale El Faro, chombo chonyamula katundu cha mamita 240, chinamira pa namondwe Joaquin pa 1 October 2015 pamodzi ndi anthu onse 33. Ngati munaonapo mwera utakwiya pa nyanja yathu, asodzi atakokera mabwato kumtunda, dziwani kuti umenewo sufika n'komwe pa gawo loyamba.

Kumtundako musankhe malo okwera, kutali ndi gombe ndi mitsinje. Ife a ku Malawi tinaona pa Freddy mu March 2023 kuti madzi ndi matope otsika m'phiri la Soche ndi amene anatha anthu ku Chilobwe, mphepo inali nkhani yaing'ono. Zilumba za Grenada ndi St Vincent nazo n'zamapiri, nthaka imagumuka, ndipo m'mphepete mwa nyanja madzi amakwera n'kulowa m'nyumba. Boma limalengeza malo othawirako, kawirikawiri masukulu ndi matchalitchi, koma ndi bwino kupangana ndi banja lina la komweko nthawi ikadalipo. Kukangoti zii pakati pa namondwe musatuluke kukaona bwato. Ndi diso lake limenelo, ndipo mphepo imabwerera kuchokera mbali ina ndi mphamvu yomweyo.

Masiku ena onse moyo wake ndi wabata, musachite mantha kwambiri. Madoko amakhala opanda anthu ambiri, nyanja nthawi zina imagona bwino kuposa mu January. Chovuta ndi kutentha, udzudzu wa dengue, nkhungu m'makabati, ndi timikuntho ta mvula tobwera masiku angapo alionse, tomwe timatha kukoka nangula usiku. Ku Grenada okhala m'maboti amalankhulana m'mawa pa VHF channel 66, za nyengo, za mabasi opita kumsika, za amene akugulitsa chitsulo chakale. Muzimvetsera, mudziwane nawo, chifukwa ndi omwewo adzakuthandizeni kunyamula nangula wachiwiri.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene, ndiye musanasainirane mufunseni bwanayo mafunso awa maso ndi maso. Akuonetseni pepala la inshulansi, muwerenge pomwe alemba za namondwe wokhala ndi dzina ndi malo omwe bwato liyenera kukhala, chifukwa likaonongekera kunja kwa mzere uja sadzalipidwa ndipo mkwiyo wake udzagwera inu. Alembe kuti iye akapanda kuyankha foni, woganiza zosamutsa bwato ndinu. Asiye ndalama ya dizilo, zingwe, wothandizira ndi malo ogona. Alembenso kuti bwato likamira malipiro anu a nyengo yonse adzaperekabe pamodzi ndi tikiti yobwerera, komanso kuti inuyo muli pa inshulansi ya chipatala. Mukamvana, tiuzeni pagulu pano doko lomwe bwatolo likhale, Prickly Bay, Woburn kapena St George's, kuti tikambirane za pansi pa madzi pake ndi mmene mungaponyere anangula pamalopo.