Za P0606 ija: musagule kaye kompyuta bokisi, achimwene

Achimwene a Sienta ya 2008 ku Kasungu, ndawerenga funso lanu. Mwati nyali ya check engine yayaka, galimoto ikumavuta kulira m'mawa, nthawi zina ikumazima yokha mukaima, ndipo makaniko atailumikiza ku makina ake panatuluka P0606, basi iye n'kunena kuti kompyuta bokisi yapsa, mukagule ina ku Lilongwe. Mukufunsa koti mukaipeze yabwino. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye m'thumba.

Zoona, P0606 imatanthauza kuti kompyuta ya injini yadziyeza yokha n'kupeza kuti mkati mwake china chake sichikuyenda bwino. Koma makinawo amangonena pomwe pakupweteka, ngati wodwala wofika kuchipatala akuti mutu ukuwawa: atha kukhala malungo, itha kukhala njala chabe. Kompyuta ikamalandira magetsi operewera imasokonezeka, n'kumadzinamizira matenda omwe ilibe. Ndiye inu mwanena nokha kuti m'mawa galimoto imalira movutikira. Pamenepo ndi pomwe ine ndikukayikira.

Yambani ndi batire. Pezani wamagetsi a galimoto yemwe ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ayeze galimoto itagona usiku wonse osalizidwa. Batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6 kapena kuyandikira pamenepo. Ikakhala pansi pa 12.2 ndiye kuti yafooka. Wina alize injini iye akuyang'ana: isatsike kupyola 9.6. Injini ikamalira pazioneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kuchepera apo alitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, kupitirira 15 ndiye ikutchaja mopyola muyeso, ndipo imeneyo ndi yomwe imaotchadi makompyuta. Mukagula bokisi latsopano alitaneta ili choncho, nalonso lipita.

Kenako gwirani mateminolo a batire ndi dzanja lanu. Ngati akutembenuka, kapena pali ufa woyera kapena wobiriwira uja, kapena wina anakhomerapo kamsomali kuti agwire (ndimaziona kawirikawiri zimenezi, ndipo zimandinyansa), masulani, kwechani ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mumange zolimba. Tsatirani waya wakuda wa ethi kuchoka pa batire kukafika pomwe wamangidwa pa bodi ndi pa injini. Misewu yathu yafumbi yolowera ku Chamama imagwedeza mabawuti mpaka kukhwefuka, dzimbiri n'kulowa pansi pake. Kunja amaoneka bwinobwino, koma magetsi sakudutsa mokwanira.

Ngati galimoto imagona pafupi ndi pomwe mwasunga matumba a chimanga kapena mtedza, tsegulani boneti muunike ndi tochi. Makoswe amakonda kufunda kwa injini usiku ndipo amatafuna mawaya. Mukaona zitosi zawo kapena makoko a mtedza pamwamba pa injini, funafunani waya wosendeka. Pulagi yaikulu yolowa mu kompyuta nayonso ichotsedwe batire atamasula kaye, muone ngati timapini tilibe chinyezi, makamaka ngati anyamata otsuka galimoto amapopera madzi mu injini.

Funso loti mumufunse makaniko wanu: kodi P0606 inatuluka yokha? Ngati panalinso P0562, imeneyo ikunena za magetsi ochepa, nkhani yatha kale. Ngati panatuluka mulu wa zoyamba ndi U, monga U0100, ndiye kuti makompyuta a m'galimotomo akulephera kulankhulana, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi waya, fyuzi kapena batire. Komanso pa ma Toyota ena P0606 imatha kubwera chifukwa cha oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya wa mu ekizozi) yowonongeka kapena ekizozi yobooka, choncho mumvetsere ngati pansipo sipakupuma.

Asanafufute chilichonse, jambulani ndi foni zonse zomwe makinawo akuonetsa, kuphatikiza gawo lotchedwa freeze frame, lomwe limasunga momwe injini inalili panthawi yomwe vutolo linachitika. Ambiri amathamangira kufufuta kuti nyali izime mwini galimoto asangalale, umboni wonse n'kupita nawo. Mukakonza za magetsizo, apo ndiye afufute, muyende nayo masiku angapo, ngakhale kukafika ku Chinkhoma n'kubwerera. Timakina totchipa ta Bluetooth tija, tolumikiza pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, sitiwerenga zonse pa galimoto zina zochokera ku Japan. Ngati ndi komwe anagwiritsa ntchito, kayezetseninso kwa wina wokhala ndi makina akuluakulu.

P0606 ikabweranso batire ili bwino, ethi yolimba, mawaya athunthu, pamenepo ndivomereza kuti bokisi ladwaladi. Zimachitika, makamaka ngati wina anajampitsa galimoto atasemphanitsa mawaya, kapena munawotcheretsa ekizozi batire isanamasulidwe. Mukamapita ku Biwi ku Lilongwe kukasaka, nyamulani lakalelo. Pa bokosipo pali chipepala chomatidwa chokhala ndi nambala ya sipeya, ndipo lomwe mugule lifanane nalo nambala iliyonse. Musalole mawu oti "ndi la Sienta lomweli, lilowa", chifukwa chaka, injini ndi giyabokisi zikasiyana, bokisi limasiyananso. Funsaninso ngati galimoto yanu ili ndi immobiliser, chitetezo choletsa injini kulira ndi kiyi yachilendo. Ngati ilipo, bokisi lachilendo silingaizindikire kiyi yanu, sitata izingozungulira injini osagwira mpaka wodziwa azilumikizanitse pa kompyuta, ndipo ntchito imeneyo ndi ndalama ina yapadera. Mugwirizane ndi wogulitsa musanapereke ndalama kuti likakanika mubweza, ndipo alembe pa lisiti.

Mukayeza batire mawa m'mawa, tiuzeni manambala atatuwo: isanalire, ikulizidwa, ndi italira.