N'chifukwa chiyani nyanja imathobwa m'maso kukakhala mphepo?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake madzi a m'nyanja amanyezimira mpaka kuthobwa m'maso kukawomba mphepo, pomwe kukakhala bata mumaona ndi miyala ya pansi yomwe. Tiyambire kumwamba.

Kuwala kwa dzuwa kumafika pamwamba pa mpweya wozungulira dziko ndi mphamvu ya mawati 1,361 pa sikweya mita, koma masana kopanda mitambo pansi pano pamafika pafupifupi 1,000. Kwina kumamwedwa ndi nthunzi ndi mpweya wa m'mwamba wotchedwa ozoni, kwina kumamwazika. Mpweya umamwaza kuwala kwa buluu kuposa kofiira pafupifupi kasanu, ndiye chifukwa thambo limaoneka labuluu.

Kukafika pamadzi, nkhani yagona pa kapendekedwe. Dzuwa likakhala paliwombo, madzi abata amabweza 2 peresenti yokha ya kuwalako, kotsalako kumalowa. Likapendekeka madigiri 60 kuchokera paliwombo amabweza 6 peresenti, pa madigiri 80 ndi pafupifupi 35 peresenti. Tsono mphepo ikayamba, pamwamba pa madzi pamadzaza timafunde ting'onoting'ono, ndipo kalikonse kamakhala ngati kagalasi kopendekera kwakekwake. Kamene kapendekeka mogwirizana ndi diso lanu kamakuponyerani dzuwa lonse kwa kamphindi, kena n'kulandira. M'malo mwa dzuwa limodzi m'madzi, mumaona msewu wautali wonyezimira, monga uja amauona a ku Salima ndi ku Nkhata Bay dzuwa likamatuluka. Mwera ukakula, msewuwo umatambasuka.

Akatswiri a sayansi ya nyanja, Charles Cox ndi Walter Munk, anajambula kunyezimiraku ali m'ndege kufupi ndi Hawaii, ndipo mu 1954 anasonyeza kuti kupendekeka kwa timafundeti kumakula motsatana ndi liwiro la mphepo. Anapezanso kuti mafuta akatayika pamadzi amazimitsa timafundeto. Mpaka lero akatswiri a zithunzi za setilaiti amadalira masamu awo pochotsa kunyezimira, ntchito yovuta ndithu, poti pa kuwala komwe setilaiti imalandira pamwamba pa nyanja, pafupifupi 90 peresenti kumachokera mumpweya, osati m'madzi.

Mukafuna kuona pansi, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo pitani m'mawa mphepo isanakule. Magalasi a m'maso ochepetsa kunyezimira, otchedwa polarized, amathandiza kwambiri mukamayang'ana madzi mopendekeka, madigiri 37 kutsika kuchokera pomwe thambo lakumana ndi madzi. Mukayang'ana molunjika pansi sathandiza kwenikweni, ndipo thovu la mafunde salichotsa n'komwe. Ojambula ndi drone (kandege kopanda woyendetsa m'kati) ambiri amalakwitsa pouluka masana enieni kamera italoza pansi: kunyezimira kumagwera pakati penipeni pa chithunzi. Ulutsani drone dzuwa lili madigiri 30 mpaka 45 m'mwamba.

Musadabwenso zinthu zofiira zikamaoneka zakuda pansi pa madzi. Kuwala kofiira kumatheratu m'mamita 10 oyambirira, pomwe kwa buluu m'nyanja yoyera bwino kumapitirira mamita 100.