Kanobu ka fokasi kokhwefuka, musathire guluu

Achimwene, chonde musathire supa guluu ngati mmene ena akukuuzirani. Mwati kanobu ka fokasi pa telesikopu yanu kakumangozungulira chabe, kachubu kolowetsamo eyepiece (kagalasi koyang'anirapo ndi diso) osasuntha, pena kagwira pena ayi. Kawirikawiri vuto lake ndi kasikuluu kamodzi basi.

Walitsani tochi ya foni m'mbali mwa kanobuko, muona kabowo kakang'ono, mkati mwakemo muli kasikuluu kopanda mutu kamene kamamangidwa ndi allen key (kachitsulo kopindika ngati L, ka makona sikisi), nthawi zambiri ya 1.5mm kapena 2mm. Kachitsulo kamene kanobu kamavalako sikhala kobulungira monsemo, mbali imodzi anaisema kuti ikhale yosalala, ndiye zunguzani kanobu mpaka kabowo kayang'anane ndi mbali imeneyo kenako mangani. Mukamangira pobulungira kagwira lero, mawa kayambiranso kutereraterera. Pa matelesikopu ena mulibe kabowo m'mbali, sikuluu imabisala kutsogolo pansi pa kachivindikiro kapulasitiki, mungokatukula ndi chikhadabo.

Ma allen key a okonza njinga nthawi zambiri amakhala akuluakulu, sangalowe. Funsani anyamata okonza mafoni ndi mawailesi, kapena gulani seti ya ma allen key ang'onoang'ono ku hadiweya. Bola saizi ikhale yeniyeni, yocheperako pang'ono imadya mkati mwa sikuluu ndipo ikatero kuichotsanso ndi nkhondo.

Ngati kanobu kali kolimba koma chubu chikugwedera kapena chikutsetsereka chokha, yang'anani kunsi kwa focuser, chigawo chonse chimene chili ndi kanobu ndi chubucho. Mukaona mzere wa mano pa chubucho ndiye kuti ndi ya rack and pinion, pansi pake pali kapuleti ka masikuluu awiri kapena anayi kamene kamakanikiza kagiya kuti kalume manowo. Mangani pang'onopang'ono, kota ya kuzungulira kumodzi basi, onse mofanana, muziyesa mukamanga. Ngati mano palibe ndi ya Crayford, imeneyo imayenda ndi kukhuzana kwa zitsulo, pakati kunsi kwake pali sikuluu yoonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Ndipo onetsetsani kaye kuti sikuluu yotsekera, ija yomanga ndi zala, ndi yomasula, chifukwa ikakhala yomanga chubu sichiyenda ngakhale mupotoze bwanji ndipo mukakakamiza muthyola mano.

Guluu ndikumukana chifukwa ndinaona ndi maso anga. Mnzanga wina anapereka telesikopu yake ya galasi la 130mm kwa mmisiri wina mtauni, munthu uja anangothira guluu nkumanga masikuluu a kapuleti mwamphamvu ngati akumanga tayala la minibasi. Guluu analowerera mpaka pa kagiya, pulasitiki inang'aluka, mazinga a sikuluu onse kutha. Zinandiwawa kwambiri, galasi linali bwinobwino koma telesikopu inakhala pakona miyezi yambiri akudikira focuser ina kuchokera ku Joni, poti kuno simungaipeze mu shopu, ndipo transipoti inadula pafupifupi ngati katundu yemwe.

WD-40, mafuta opopera omasulira zitsulo aja, nayenso musapopere, madontho akagwera pagalasi mulira. Ngati girisi wakale wauma ndi fumbi, mupukuteni ndi kansalu nkupaka watsopano pang'ono kwambiri pa mano okhawo. Pogwira ntchito yonseyi goneketsani telesikopu chopingasa kuti kasikuluu kakapulumuka kasagwere pagalasi lalikulu, pansi yalani chitenje.

 Ngati mumamangirira foni pa eyepiece pojambula mwezi, kulemera kwake nkumene kumakhwefula zinthuzi msanga, muzimangako sikuluu yotsekera ija mukapeza fokasi. Mukamaliza kukonza yeserani masana pa tawa ya netiweki ili patali ndi eyepiece ya 25mm, kenako ya 10mm, kungoti musalozetse kudzuwa ngakhale pang'ono, diso limapsa nthawi yomweyo.