Tifunseni za galimoto: magetsi a padenga aja ndi ololedwa pamsewu?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili kuno ku Joni, ndimagwira za zomangamanga ku Johannesburg, nde chaka chino Mulungu wandikomera mtima ndagula pikiapu yanga, Hilux yakale ndithu koma yolimba. Mwini wake woyamba anali wokonda zopita kutchire nde anamangirira chilayiti chachitali cha LED padenga, chija amati light bar. Sabata yatha atrafiki anandiimitsa masana dzuwa likuswa mtengo, chilayiticho chili chozimitsa, koma anandilembera faindi nkundiuza kuti ndikachotse. Amene anandigulitsa akuti ndingogula chovindikira basi nkhani yatha. Disembala ndikufuna kubwera nayo kumudzi ku Mangochi, nde ndithandizeni, ndichotse kapena ndivindikire? Wowerenga wanu, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, choyamba mwachita bwino kugula galimoto, thukuta la ku Joni timalidziwa. Koma chilayiticho chotsani. Atrafiki aja sanakuponderezeni ayi.

Ku South Africa zapamsewu zimayendera National Road Traffic Act ya 1996 ndi malamulo ake ang'onoang'ono a 2000. Ndime 185 ya malamulo amenewo ikuti galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse isamangiriridwe nyali ina iliyonse imene lamulo silinaitchule kapena kuiloleza. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti kumangirira. Lamulo silikufunsa kuti munayatsa kapena ayi, ndi masana kapena usiku, waya ndi wolumikiza kapena wodula, likungoona kuti chinthucho chili pagalimoto. Nde mukavindikira chikhala chilipobe, wapolisi wina adzakulemberaninso, ndipo ali ndi mphamvu zolamula kuti galimoto isayendenso mpaka mutakonza.

Nkhani yovindikirayi ili ndi kwawo. Ku California ku America lamulo limalola magetsi a kutchire padenga bola ukakwera pamsewu akhale ozimitsa komanso ovindikiridwa ndi chinthu chosaonetsa kuwala. Anthu amaonera mavidiyo a kumeneko pa YouTube nkumaganiza kuti ndi lamulo la dziko lonse lapansi, pomwe ayi ndithu, ndi lawo.

Mwina mukuti bwanji osangoiwerenga ngati hedilayiti yoonjezera. Sizitheka pa zifukwa ziwiri. Ndime 159 imalola mahedilayiti mpaka 6, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ndekuti amayenda awiriawiri mofanana kumanja ndi kumanzere, pomwe light bar ndi chimodzi chopingasa pakati. Chachiwiri ndi kutalika, hedilayiti isapitirire mita 1.4 kuchokera pansi, komanso ikhale kutsogolo kwenikweni kwa galimoto. Denga la Hilux lili cha m'ma mita 1.8, nde mwaphonya kale ngakhale musanayatse.

Ndiima pang'ono pa kutalikaku chifukwa anthu ambiri amaona ngati boma likungofuna ndalama. Tsiku lina madzulo imikani galimoto moyang'ana khoma, mamita angapo, muyatse dimu. Muona kuwala kwadulidwa ndi mzere woonekeratu, pansi powala pamwamba pamdima, ndipo cha kumanzere mzerewo wakwera pang'ono. Anaupanga dala, kuti muone munthu woyenda m'mbali mwa msewu ndi zikwangwani koma osalasa maso a dalaivala amene akubwera kumanja kwanu. Kenako yatsani chilayiti chija. Khoma lonse mbee, mpaka mtengo wa aneba, mzere palibe. Chilibe dimu chimenecho, sichidziwa kuweramira pansi, ndipo poti chili pamwamba kuposa maso a munthu amene wakhala mu Vitz kapena Sienta kuwalako kumamutsikira m'maso mwenimweni. Munthu akathobwa chonchi pamatenga masekondi angapo kuti aonenso bwino, ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu okha wayenda mamita oposa 80 asakuona chilichonse. Tangoganizani pa M1 pathupa usiku, wakabaza wanyamula matumba amakala alibe ndi kagalasi komwe, ngolo ikuchokera kumunda, amayi akuchokera kuchigayo ufa uli pamutu. Amene amawombedwa ndi amenewo, wa chilayiti uja amangodutsa osadziwa nkomwe kuti kumbuyo kwachitika zotani. Ine zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa ovulala amakhala anthu amene alibe ndi galimoto yomwe.

Za ulendo wa Disembala, mudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi Mwanza, maiko anayi, lililonse ndi malamulo ake ndi marodibuloko ake. Musanyamule chinthu chopatsa wapolisi aliyense poyambira nkhani. Masulani mabauti, mangani mawaya bwinobwino ndi tepi, mabowo a padenga ngati alipo matani kuti mvula isalowe, chilayiticho chikulungeni mu bulangete chikwere kumbuyo ngati katundu. Mupezanso kuti kaphokoso ka mphepo kaja kamene kamalira padenga mukathamanga kasiya.

Ngati magetsi anu akuchepadi mphamvu, yambani ndi zapafupi. Magalasi a mahedilayiti a galimoto zakale amachita chikasu, akapukutidwe ndi polishi, mababu akhale oyenera galimotoyo, ndipo makaniko awalunjike bwino chifukwa pikiapu ikalemedwa kumbuyo mphuno imadzuka magetsi nkumaloza kumwamba. Zikakanikabe ikani masipoti awiri ofanana kutsogolo, osapitirira mita 1.4 ija, olumikizidwa ku fulu kuti mukangoika dimu nawonso azizima okha.

FUNSO: Ine ndimalima fodya ndi soya kuno ku Kasungu, misewu ya kumunda ndi yoipa, maenje, zitsa, ng'ombe zogona panjira. Ndimafuna kuika light bar pa pikiapu yanga, kodi nane ndilakwa? Mlimi, Kasungu.

YANKHO: Bambo, vuto lanu ndi lenileni ndipo ntchito imene magetsi amenewa anapangidwira ndi yomweyo. Mkati mwa munda wanu kapena esiteti, poti palibe amene mukukumana naye, yatsani mmene mungafunire. Chovuta nchoti pikiapu yomweyo ndi imene mawa lake ikupita ku boma kukagula feteleza, ndipo msewu wafumbi wodutsa m'midzi, ngakhale ulibe tala, ndi wa anthu onse, muli njinga, njinga zamoto, ana. Anthu amasokoneza pamenepa, amaona ngati ukangotsika pa tala malamulo atha.

Kuno kwathu za magetsi a galimoto zili pansi pa Road Traffic Act, ndipo amene amayeza galimoto kuti ipeze COF, chiphaso chija chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi a DRTSS, aja timangoti a Road Traffic. Musanaboole denga kapena kulipira wa mawaya, pitani mukawaonetse chinthucho ndi pamene mukufuna kuchiika, akuuzeni okha, kusiyana nkukamva pa rodibuloko ndalama mutawononga kale. Ine ndikanakhala inu ndikanaika pa kachitsulo kochotseka ndi pulagi yake, kumunda chikwere, popita ku tauni chitsike, ntchito ya mphindi zochepa.

Komanso musayembekeze zambiri kwa chilayiti cha padenga. Pafumbi la mu Okutobala, pamvula, kapena chifunga ngati chija cha ku Chikangawa ndi ku Dedza, kuwala kochokera pamwamba kumagunda fumbilo pamaso panu penipeni nkubwerera, mumangoona choyera ngati nsalu. China kumawalira pa boneti, makamaka galimoto ikakhala yoyera, maso nkumatopa msanga. Maenje nawonso amaoneka bwino ndi magetsi a m'munsi chifukwa ndi amene amapanga chithunzithunzi m'dzenjemo, a pamwamba amalifafaniza msewu nkumaoneka ngati wosalala.

Mawaya musapatse mnyamata wongolumikiza ku batire mwachidule. Chilayiti chimene chikukokadi mawati 300 pa mavoti 12 ndi ma amp 25 amenewo, waya woonda amatentha nkusungunuka, nde pafunika waya wonenepa, rilee, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Ndipo injini ikakhala yozimitsa musachisiye choyaka pamene mukupakira mabelo, mudzafuna okukankhani pakati pa usiku.

FUNSO: Nanga timagetsi tabuluu ndi tofiira tothwanima tija anyamata akuika kutsogolo kwa galimoto ndi njinga zamoto? Mayi wa ku Zingwangwa, Blantyre.

YANKHO: Mayi, timeneto nde ayi. Buluu wothwanima ndi chizindikiro cha apolisi, anthu akachiona amapatuka poganiza kuti kukubwera a chitetezo, ndipo chofiira malo ake ndi kumbuyo, munthu akachiona kutsogolo usiku amaganiza kuti galimotoyo ikupita pomwe ikubwera kwa iye. Ngati ndi mwana wanu waika, muuzeni achotse lero, ndalamayo akagule babu labwino la kumbuyo ndi jekete yonyezimira.