Kodi mbaula yanga ndi imene ikusokoneza mvula?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Akuti: "Mwana wanga wabwera kuchokera kusukulu n'kundiuza kuti utsi wa mbaula yanga ndi umene ukusokoneza mvula. N'zoona zimenezi? Nanga ndiziphikira chiyani poti magetsi amangothimathima?"

Mayi, mwanayo sananame kwenikweni, koma wakusenzetsani mtolo umene si wanu.

Dzuwa likawomba, nthaka imatentha, ndipo kutenthako kumayenera kubwerera kumwamba. Mpweya wa kaboni umakutchinga ngati bulangete. Mafakitale asanayambe kuwotcha malasha ku Britain m'zaka za m'ma 1700, pa tizigawo 1 miliyoni ta mpweya, ta kaboni tinali pafupifupi 280. Lero tapitirira 420. Akatswiri akhala akuyeza zimenezi pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii kuyambira 1958, ndipo chaka chilichonse nambala imangokwera. Gwero lalikulu ndi malasha, mafuta a galimoto ndi ndege, gasi komanso simenti. Kudula nkhalango kumawonjezera, ndipo ng'ombe ndi madimba a mpunga zimatulutsa mpweya wina umene nawonso umatchinga kutentha.

Tsono tamvani apa. Africa yonse imatulutsa pafupifupi magawo 4 okha pa 100 a mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta. China yokha imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo tikawerenga kuchokera kale, palibe dziko loposa America. Mphika wanu wa nyemba suonekera n'komwe pamenepo.

Mkangano wagona pa funso loti ayambe kuchepetsa ndani, alipire ndani. Ku Paris mu 2015 maiko anagwirizana zoyesetsa kuti kutentha kusakwere kupitirira madigiri 1.5. Koma maiko ngati India amati: inu munalemera ndi malasha, lero mukutiletsa ife tisanadyeko? Olemerawo amayankha kuti popanda China ndi India palibe chingatheke. Onse ali ndi mfundo, koma ine mtima wanga uli kwa osauka. Mu 2009 ku Copenhagen olemera analonjeza kuthandiza maiko osauka ndi madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Ndalamazo zinachedwa, ndipo zambiri zinabwera ngati ngongole. Munthu wakuwotchera nyumba, kenako akukongoza ndalama zogulira malata! Zimandiwawa.

Komabe sindingakunamizeni kuti makala alibe mlandu. Mlandu wake uli pakhomo pathu pomwe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoopsa, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'katimo. Mvula yotere imakula mphamvu chifukwa nyanja zikutentha, ndipo zimenezo si ife tinayambitsa. Koma phiri lometedwa mpala ndi lathu. Thumba lililonse la makala limene limalowa m'tauni pa njinga m'bandakucha linali mtengo umene mizu yake inkagwira dothi. Dothilo likakokoloka limathera mu Shire, n'kukadzaza pa Nkula ndi Tedzani pamene timapangira magetsi. Magetsi akathima, inu mumakagulanso makala.

Ndiye musasiye kuphika, mayi. Nyemba muziziviika usiku, poto muzivundikira, makala otsala muzizimitsa m'malo mowasiya anyeke okha. Ngati thumba likulola, yesani kasilinda ka gasi ngakhale pa tiyi wa m'mawa pokha. Ndipo mwanayo mumutume akafunse aphunzitsi ake kuti madola a ku Copenhagen aja anafika angati kuno kwathu.