Yankho kwa amene mwapatsidwa ntchito ya code pa gemu ya gulu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwino. Mwati muli chaka chachitatu cha computer science, aphunzitsi akugawani m'magulu a anthu asanu kuti mupange gemu semesita ino, ndipo anzanu onse akuyang'ana kwa inu pa nkhani ya code. Mukufunsa ngati mutenge Unity kapena Unreal, omwe ndi ma engine (mapulogalamu opangira magemu), komanso ngati zopanga magemu zili ndi tsogolo. Ndiyankha zonse ziwiri, koma ndichedwa pa zina zomwe simunafunse, poti n'zimene zimagwetsa magulu ambiri.

Pa nkhani ya engine, musayang'ane laputopu yanu yokha. Funsani kuti m'gulu lonse laputopu yofooka kwambiri ndi ya ndani, kenako musankhe chomwe chingayende pa imeneyo. Unreal ndi yamphamvu, imagwiritsa ntchito chilankhulo cha C++ ndi Blueprints (njira yolumikiza mabokosi m'malo molemba code), koma imafuna makina amphamvu, ndipo kuitsitsa kokhako kukhoza kukumalizirani bandulo. Unity imayendera C# ndipo maphunziro ake ndi ochuluka pa YouTube. Palinso engine ina, Godot: ndi yaulere, ndi yopepuka, mukhoza kugawana pa fulashi n'kuyamba tsiku lomwelo, ndipo chilankhulo chake cha GDScript sichivuta kwa munthu wodziwa Python. Anthu ambiri anathamangira ku Godot mu 2023, Unity italengeza kuti izilipiritsa opanga magemu nthawi iliyonse gemu ikaikidwa pa chipangizo, ganizo lomwe anadzalisiya mu 2024. Ine pa gemu ya 2D ya semesita imodzi ndingatenge Godot. Mukatenga Unity simunalakwe. Chachikulu n'chakuti mukasankha musadzasinthe pakati pa njira.

Tsopano kukula kwa gemuyo. Tsiku loyamba lokumana aliyense amabwera ndi maloto. Wina afuna minibasi yoyenda kuchoka ku Limbe mpaka ku Zomba, apolisi apamsewu, msika, mvula, nkhani ya chikondi, komanso kusewera ndi anzako pa intaneti. Zonsezo ndi zabwino, koma anthu asanu okhala ndi mayeso a maphunziro ena sangazithe. Inu monga wolemba code ndi amene mukudziwa kulemera kwa chilichonse, choncho udindo wokana mwaulemu uli pa inu. Tengani chinthu chimodzi chokha: kondakitala akuitanira anthu pa siteji imodzi, minibasi idzaze nthawi isanathe. Chipangeni ndi timabokosi tosajambula, bokosi lofiira likhale minibasi, tating'ono tikhale anthu. Masabata awiri kapena atatu asanathe, munthu azitha kugwira n'kusewera. Ngati sichikusangalatsa chili timabokosi, zojambula zokongola sizidzachipulumutsa. Zosewera pa intaneti zokhazo zisiyeni kaye, chifukwa zimachulukitsa ntchito pa mbali iliyonse.

Ngati gulu lanu lilibe wojambula waluso, ganizirani za bawo. Mabowo 32 m'mizere inayi savuta kujambula, koma kulemba malamulo ake onse mu code kudzakuphunzitsani zambiri. Mudzaona kuti ngakhale akatswiri a pansi pa mtengo amasiyana pa malamulo ena, ndipo kompyuta siimva zoti "zimatengera". Muyenera kugwirizana n'kulemba papepala musanayambe.

Chimene ndikufuna muchite lero lomwe ndi kuika Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zomwe mwasintha m'mafayilo anu. Ndaona magulu akutumizirana mafayilo a zip pa WhatsApp, wina "final", wina "final2", wina "final_yeniyeni", mpaka usiku womaliza palibe akudziwa kuti ntchito ya ndani ili mu iti. Tsegulani repository (malo osungira ntchito yonse ya gulu) pa webusaiti ya GitHub, ndipo onse asanu aphunzire commit (kusunga zomwe mwasintha), pull (kutenga za anzanu) ndi push (kutumiza zanu), ngakhale wojambula ndi wa nyimbo. Khalani nawo pansi madzulo amodzi, muwaonetse pa laputopu zawo. Ubwino wake kuno kwathu n'kuti commit siifuna intaneti. Mumasunga pafupipafupi pa makina anu, magetsi akazima simutaya zambiri, ndipo mumadzachita push mukapeza data.

Pali misampha iwiri pamenepa. Woyamba ndi wa mafayilo osafunika. Mu Unity foda ya Library isalowe mu Git, mu Godot 4 ndi foda ya .godot, choncho konzani .gitignore, fayilo yotchula zoti Git isasunge, musanachite commit yoyamba. Dziwaninso kuti GitHub imakana fayilo yoposa 100 MB, ndiye zazikulu zidutse mu Git LFS, njira ya Git yosungira mafayilo aakulu. Wachiwiri ndi wowawa kwambiri: anthu awiri akasintha scene imodzi (fayilo ya gawo limodzi la gemu) nthawi imodzi, kuphatikiza ntchito zawo kumavuta, ndipo nthawi zambiri wina amataya zake. Gawani gemu m'tizigawo, wosewera payekha, adani paokha, menyu payokha, ndipo amene akutsegula scene yaikulu azilemba pa gulu kuti "ndagwira scene, musaikhudze", akamaliza anenenso.

Ntchito yanu si kulemba code yokha. Muyenera kupatsa anzanu njira yogwirira ntchito popanda kukudikirani. Liwiro la minibasi, kutalika kwa kulumpha, masekondi a gawo lililonse, musazikwirire mkati mwa code. Zitulutseni pa Inspector, windo la engine losinthira manambala popanda kukhudza code, mu Unity ndi SerializeField, mu Godot ndi @export, kuti wokonza kaseweredwe azisintha yekha n'kuyesa. Mukapanda kutero, foni yanu izilira pakati pa usiku kuti "achimwene, tachepetsani liwiro pang'ono". Gwirizananinso ndi wojambula kuyambira pachiyambi za kukula kwa zithunzi, mwachitsanzo mapikiselo 32 kwa 32, ndi katchulidwe ka mafayilo.

Chinanso chomwe oyamba ambiri amaphonya: gemu yoyenda pa mafuremu (zithunzi za pa sikirini) 60 pa sekondi imakupatsani mamilisekondi pafupifupi 16.7 pa furemu iliyonse kuti zonse ziwerengedwe ndi kujambulidwa. Ndipo si makina onse amafika 60. Mukasuntha chinthu ndi nambala yokhazikika pa furemu iliyonse, pa laputopu yanu chiziuluka, pa foni ya mnzanu chizikwawa. Nthawi zonse chulukitsani liwirolo ndi delta time, yomwe ndi nthawi yodutsa kuchokera pa furemu yapitayo. Ngati gemu ndi ya pa foni, iyeseni msanga pa Android yotsika mtengo, chifukwa ndi imene anthu ambiri ali nayo m'thumba.

Za anthu ndinene mosabisa. Pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi wina wosowa pakati pa semesita. Musamusenzere ntchito yake mwakachetechete, mudzatopa ndipo mudzakwiya. Muzikumana sabata iliyonse n'kusewera limodzi zomwe zilipo, aliyense aonetse chake chikuyenda pa sikirini. Wina akatsalira, mufunseni kaye chavuta n'chiyani, nthawi zina ndi laputopu yafa kapena vuto la kunyumba. Zikapitirira, auzeni aphunzitsi nthawi ikadalipo. Masabata awiri omaliza musaonjezere chatsopano chilichonse, mungokonza zolakwika basi.

Za tsogolo, sindikunamizani: ntchito zolembedwa zopanga magemu ku Malawi kuno ndi zochepa zedi, ndipo ngakhale kunja makampani aakulu anachotsa anthu zikwizikwi mu 2023 ndi 2024. Koma mu Africa muno anthu akupanga. Kuli Free Lives ku Cape Town, Kiro'o Games ku Cameroon, Maliyo Games ku Lagos, Leti Arts ku Ghana, ndipo yunivesite ya Wits ku Johannesburg imaphunzitsa zokonza magemu. Malizani digiri yanu, limbikirani masamu a vector ndi trigonometry pamodzi ndi data structures, poti zimenezi zidzakudyetsani ngakhale mutakalemba mapulogalamu a kubanki. Olemba ntchito m'magemu amafuna kuona zomwe munamaliza, choncho gemu ino ikatha iikeni pa itch.io, webusaiti yoikapo magemu, ndipo mu Januwale lowani Global Game Jam, komwe magulu amapanga gemu m'maola 48.

Lembani pansipa engine yomwe gulu lanu lasankha ndi RAM ya laputopu yofooka ija, ndikuthandizeni kukonza .gitignore ndi kagawidwe ka ma scene.